Malbec, Carménère kapena Tannat: ndi uti woyenera ndiwo zanu?

Mabotolo atatu a vinyo wofiira akhoza kuima pashelefu imodzi m'sitolo, onse akuda bii, onse ochokera ku South America, mitengo yake yosatalikirana, koma akafika patebulo lililonse limaonetsa khalidwe lakelake. Lina ndi la Malbec wa ku Argentina, lina la Carménère wa ku Chile, ndipo lachitatu, mukachita mwayi wolipeza, ndi la Tannat wa ku Uruguay. Anthu ambiri amangotola Malbec poti ndilo dzina limene analimvapo. Kawirikawiri sakhumudwa, koma amamanidwa zambiri. Musanatambasule dzanja, yambani mwaganiza za chimene chili pamoto kunyumba: ndiwozo n'zonona bwanji, msuzi wake ndi wotani, tsabola alimo kapena mulibe. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo ayenera kusankha botolo.

Nkhaniyi yagona pa khambi. Amene analumapo nthochi yosapsa akudziwa mmene m'kamwa mumaumira, lilime n'kumakakamira ku nkhama. Vinyo wofiira wamphamvu amachitanso chimodzimodzi, ndipo chimene chimabweretsa khambilo ndi tannin, yemwe amapezeka m'makoko ndi m'njere za mphesa, wina n'kuchokera m'migolo ya matabwa a oak imene vinyo amakhwimiramo. Tannin amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovuwo n'kusiya kuterera. Mukaika m'kamwa nthuli yonona yothira mchere, mafuta amakuta lilime, khambi limafatsa, ndipo fungo la zipatso limene linabisala limayamba kumveka. Naye vinyo amatsuka mafutawo, moti nthuli yotsatira imakoma ngati yoyamba. Choncho khambi likachuluka m'botolo, mafuta achulukenso m'mbale. Ndiwo zikakhala zopanda mafuta, vinyo yemweyo amene mnzanu anamutama dzulo, inu simungamalize tambula imodzi.

Polawa musadzaze tambula. Thirani pang'ono, zunguzani kuti mpweya ulowe, nunkhizani, kenako imwani pang'ono musanadye kanthu. Pali zinthu zitatu zoti muzimve: kuuma kwa nkhama, ndilo khambi; kuchucha kwa malovu m'mbali mwa lilime, ndiko kuwawasa; ndi kutentha kwa pakhosi mukameza, ndiyo mphamvu ya mowa. Mukatero lumani ndiwo, mumwenso. Ngati vinyo wafewa ndipo ndiwozo zikumvekabe kukoma kwake, ndiye kuti zagwirizana.

Malbec ndi nyama ya pamakala

Kwawo kwenikweni kwa Malbec ndi ku Cahors, kumwera chakumadzulo kwa France, kumene amamutchanso Côt. Ku Mendoza, dera la ku Argentina, anafika ndi katswiri wa zaulimi wa ku France, Michel Aimé Pouget, amene anaitanidwa kukayambitsa sukulu ya ulimi potsatira maganizo a Domingo Faustino Sarmiento, yemwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wa Argentina. Bilu yokhazikitsa sukuluyo inaperekedwa pa 17 April 1853, n'chifukwa chake tsiku limeneli chaka ndi chaka okonda vinyo amakumbukira Malbec. Ku Bordeaux, dera lina la vinyo ku France, mpesawu unkavutika ndi chinyezi, ndipo chisanu choopsa cha 1956 chitawononga minda, alimi ambiri sanaudzalenso. Ku Mendoza unapeza zimene unkasowa. Deralo ndi louma, mvula yake ndi pafupifupi mamilimita 200 pachaka, ndipo minda imathiriridwa ndi madzi a chipale chosungunuka m'mapiri a Andes. Masana dzuwa limaswa mtengo, usiku kumazizira. Mdani wamkulu wa alimi kumeneko ndi matalala, moti minda yambiri imakutidwa ndi maukonde.

Pabotolo muziyang'ana dzina la dera, chifukwa Mendoza ndi wamkulu ndipo Malbec wake si mmodzi. Wa ku Luján de Cuyo, kumene minda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amakhala wodzaza m'kamwa, wofewa, wa fungo la mabulosi akupsa, nthawi zina ndi kafungo ka chokoleti ndi vanila kochokera mumgolo. Wa ku chigwa cha Uco, komwe kuli kumtunda kwambiri, amawawasa pang'ono kuposa mnzakeyo, amanunkhira maluwa, ndipo salemera m'kamwa. Kumeneko ndi kumene wopanga vinyo Nicolás Catena anadzala munda wa Adrianna mu 1992, ku Gualtallary, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, nthawi imene ambiri ankaganiza kuti mphesa sizingapse pamalo ozizira chotero. Kumpoto, ku Salta, minda ya ku Cafayate ili pa mamita pafupifupi 1,700, ndipo kampani ya Colomé ili ndi munda wopitirira mamita 3,000. Dzuwa la kumeneko limakhwimitsa makoko a mphesa, vinyo n'kutuluka wakuda kwambiri ndi wa mowa wochuluka.

Anthu a ku Argentina amamwa Malbec ndi asado, nyama ya ng'ombe yothira mchere wokha, yowotchedwa pang'onopang'ono pa makala ofatsa kwa maola. Pamakhala nthiti zodulidwa mopingasa zimene amati tira de asado, pamakhala nthuli za cha kumimba zotchedwa vacío ndi entraña, masoseji a chorizo, ndi provoleta, chomwe ndi chibenthu cha tchizi chowotcha mpaka chisungunuke. Pambali pamakhala chimichurri, msuzi wosaphika wa parsley, adyo, oregano, mafuta ndi viniga. Viniga ameneyu ndiye amasiyanitsa mabotolo. Msuzi wowawasa ukakumana ndi vinyo wosawawasa mokwanira, vinyoyo amamveka wozizira, wopanda moyo. Choncho ngati nyama yanu ili ndi mchere ndi utsi basi, tengani wa ku Luján de Cuyo. Ngati pali chimichurri, kapena saladi wa tomato ndi anyezi wofinyira mandimu, kapena nyamayo yaphikidwa mumsuzi wa tomato wambiri, wa ku Uco ndiye angaime nazo.

Ubwino wa Malbec ndi woti khambi lake ndi lofewa, moti safuna nyama yonona kwambiri. Siteki wopanda mafuta, kanyenya wa ng'ombe, ngakhale nyama ya nkhumba yowotcha, zonse amazilandira. Patebulo la alendo ambiri amene simukudziwa zokonda zawo, ameneyu ndiye wosachititsa manyazi. Chofooka chake chimaonekera pa mabotolo otsika mtengo ochokera kumadera otentha a kummawa kwa Mendoza, amene ena amamveka ngati jamu, fungo la vanila n'kuphimba china chilichonse. Oterowo amatopetsa mukafika pa tambula yachiwiri. Komanso ndi ndiwo zamasamba Malbec alibe chonena, amangozipondereza.

Carménère, amene ndimamuikira kumbuyo

Mbiri ya Carménère ndi yachilendo. Nayenso anachokera ku France, ku Bordeaux, ndipo anafika ku Chile chapakati pa zaka za m'ma 1800, pamene eni minda olemera ankaitanitsa mitengo ya mpesa ku France. Posakhalitsa kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanasakaza minda ya ku Ulaya. Alimi a ku France atayamba kudzalanso pomezanitsa mpesa wawo pa mizu ya mpesa wa ku America, Carménère anamusiya chifukwa ankabereka mosadalirika, ndipo anthu anakhulupirira kuti watheratu. Ku Chile kachilomboko sikanafike, poti dzikolo ndi lotchingidwa ndi chipululu cha Atacama kumpoto, mapiri a Andes kummawa ndi nyanja ya Pacific kumadzulo. Mpesawo unapitiriza kukula m'minda, koma alimi ankautenga ngati mtundu wina wa mpesa wotchedwa Merlot, n'kumakolola zonse pamodzi. Pa 24 November 1994 katswiri wa ku France wozindikira mitundu ya mpesa, Jean-Michel Boursiquot, akuyendera munda wa Viña Carmen m'chigwa cha Maipo, anaona masamba ndi maluwa ake n'kunena kuti uyu si Merlot, ndi Carménère. Boma la Chile linamuvomereza ngati mtundu pawokha mu 1998.

Mbiri imeneyi ikufotokoza kukoma kwake. Carménère amachedwa kupsa, amafuna masabata angapo pambuyo pa Merlot, moti amakololedwa kumapeto kwa April kapena mu May. Akathyoledwa msanga amakhala ndi fungo lamphamvu la tsabola wobiriwira wosawawa uja, lochokera ku zinthu zotchedwa pyrazine, ndipo n'chimene chinkachitika nthawi yonse imene ankamukolola limodzi ndi Merlot. Akasiyidwa mopitirira, kuwawasa kwake kumatha, n'kukhala wolefuka. Wopangidwa bwino amakhala pakati: zipatso zakuda, kafungo ka tsabola wofiira wowotcha, ka masamba onunkhira, ka utsi pang'ono, ndipo khambi lake ndi losalala kuposa la onse amene ndikuwatchula pano. Madera amene amamudziwa bwino ndi otentha pang'ono ndi a dothi losunga chinyezi, monga Peumo m'chigwa cha Cachapoal ndi Apalta m'chigwa cha Colchagua.

Ena amadana ndi fungo lobiriwiralo, amati ndi chilema. Ine ndimaliona ngati chuma chake, chifukwa ndilo limamulola kukhala patebulo limene nyama si mfumu. Onani zimene anthu a ku Chile amadya. Pali porotos granados, nyemba zaziwisi zophika ndi chimanga chachiwisi, dzungu ndi masamba a basil. Pali humitas, chimanga chachiwisi chopera chokulungidwa m'makoko ake n'kuwiritsa. Pali pastel de choclo, mbale yadothi imene pansi pake pamakhala nyama yogaya yokazinga ndi anyezi ndi chitowe, nthuli ya nkhuku, dzira lowiritsa ndi olive, pamwamba n'kuphimba ndi phala la chimanga chachiwisi, kenako n'kulowetsa mu uvuni. Patebulo sipasowa pebre, msuzi wosaphika wa coriander, anyezi, tomato ndi tsabola, ndipo anthu a mtundu wa Mapuche anapatsa dzikolo merkén, tsabola woumika pautsi wosinja pamodzi ndi njere za coriander ndi mchere. Chimanga, nyemba, dzungu, tomato, anyezi: izi ndi zimene nafenso timaphika tsiku ndi tsiku, ndipo mbewu zimenezi, kupatula anyezi, zinachokera ku maiko a ku America komweko.

N'chifukwa chake ndimati kwa munthu wodya nsima, Carménère ndiye woyamba kumuyesa. Nsima payokha sikangana ndi vinyo aliyense, ndiwo ndizo zimalamula. Nyemba zophika ndi tomato ndi anyezi zimayenda naye bwino. Nkhwani wotendera nayenso amamulandira, poti mafuta a nsinjiro amafewetsa khambi lochepalo, ndipo kubiriwira kwa masamba kumakumana ndi kubiriwira kwa vinyo. Nkhuku yachikuda yophika nthawi yaitali, bowa wa nthawi ya dzinja wokazinga ndi anyezi, nyama ya mbuzi yothira curry wosawawa kwambiri, zonsezi zimamuyenera kuposa mmene zimamuyenerera Malbec. Pamene amagwa ndi pa nyama yonona kwambiri. Alibe khambi kapena kuwawasa kokwanira kutsuka mafuta a nthiti za nkhumba kapena mchira wa nkhosa, moti m'kamwa mumatsala mafuta okhaokha. Samalaninso ndi pastel de choclo wothira shuga pamwamba, monga ambiri amachitira, chifukwa kutsekemerako kumachititsa vinyo kumveka wowawa.

Tannat amafuna mafuta

Tannat sanyengerera munthu. Anachokera ku Madiran, kumwera kwa France kufupi ndi mapiri a Pyrenees, ndipo ndi mmodzi mwa mitundu ya mphesa ya tannin wochuluka kwambiri, moti njira yolowetsa mpweya pang'onopang'ono mu vinyo kuti afewe inayambira ku Madiran komweko, ndi Patrick Ducournau, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ku Uruguay anamudzala m'zaka za m'ma 1870 ku Salto ndi Pascual Harriague, munthu wa mtundu wa Basque, ndipo kwa nthawi yaitali mpesawo unkadziwika ndi dzina lake loti Harriague. Lero minda yambiri ili ku Canelones, pafupi ndi likulu la dzikolo, Montevideo, ndipo ina yatsopano ili ku Maldonado, cha ku Garzón, kufupi ndi nyanja ya Atlantic. Uruguay si chipululu ngati Mendoza. Kumagwa mvula yambiri, kuli chinyezi ndi mphepo ya kunyanja, ndipo Tannat wa kumeneko amakhala wofatsa pomuyerekeza ndi wa ku France, komabe ndi wolimba kuposa Malbec aliyense wa mtengo wofanana.

Dziko la Uruguay lili ndi ng'ombe zoposa zitatu pa munthu aliyense, ndipo ku Mercado del Puerto mu Montevideo nyama imawotchedwa pa makala a nkhuni tsiku lonse. Kumeneko ndiye mungamvetse chifukwa chimene vinyo waukaliyu anakhazikikira. Amawotcha nthiti, nyama ya nkhosa, masoseji a magazi a morcilla, matumbo a chinchulines, ndi choto, amene ndi matumbo a nkhosa okulunga. Izi ndi ndiwo zoti mafuta amachucha m'manja, ndipo khambi la Tannat limapeza ntchito. Kunyumba muganize za nthiti za nkhumba, mchira wa ng'ombe wophika mpaka kulekana ndi fupa, nthumbwana za mbuzi, kapena bakha. Musamupatse chidale cha nkhuku kapena nyama yopanda mafuta, chifukwa mudzangomva khambi lokhalokha. Ngati botolo ndi la zaka ziwiri kapena zitatu zokha, lithireni mujagi yagalasi ola limodzi chakudya chisanapse. Vuto lake lina ndi kusowa: Uruguay ndi dziko laling'ono, vinyo wake wambiri amamwedwa konko ndi ku Brazil, choncho amene ali ku London kapena m'mizinda ina ikuluikulu ndiwo angamupeze mosavutikira, pomwe Malbec ndi vinyo wa ku Chile ali m'masupamaketi ambiri.

Pali ena awiri amene sindingawasiye. Cabernet Sauvignon wa ku Maipo, makamaka wa cha ku Puente Alto m'munsi mwa Andes, ndiye vinyo amene anakweza dzina la Chile. Ku Berlin mu January 2004, akatswiri atalawa osaona mayina a mabotolo, Viñedo Chadwick wa 2000, wa ku Maipo komweko, anakhala woyamba, Seña wa 2001, wa ku chigwa cha Aconcagua ku Chile, wachiwiri, patsogolo pa vinyo wotchuka wa ku France, Château Lafite ndi Château Margaux. Amenewo ndi a mtengo wapatali, koma ngakhale Cabernet wamba wa makampani monga Concha y Toro, yomwe inayamba mu 1883, amakhala ndi khambi loposa la Malbec losafika pa la Tannat, ndi kafungo ka timbewu kamene kamagwirizana kwambiri ndi nyama ya nkhosa kapena mwendo wa mbuzi wowotcha. Winayo ndi Bonarda wa ku Argentina, wotchipa, wa khambi lochepa, wowawasa bwino. Si wamphamvu ngati anzakewa, koma pa pitsa, pasta wa tomato, masoseji ndi empanada (tizitumbuwa toika nyama mkati) ndi amene sindimamukayikira.

Zimene zimawagonjetsa onse

Tsabola wa kambuzi alibe bwenzi pakati pawo. Mowa umawonjezera kutentha kwa tsabola, ndipo mitundu imeneyi nthawi zambiri imakhala pakati pa 13.5 ndi 15 peresenti. Mukamwa Malbec wa ku Salta pambuyo pa nthuli yoviika mu tsabola, pakamwa pamayaka, khambi limakula, zipatso zija n'kusowa. Ngati simungadye popanda tsabola, chepetsani, musankhe Carménère kapena Bonarda wa mowa wotsikirapo, ndipo mumuziziritse pang'ono. Nsomba nazo sizigwirizana nawo. Mafuta a nsomba akakumana ndi vinyo wofiira wamphamvu, m'kamwa mumamveka kukoma kwa chitsulo ndipo fungo la nsomba limakula. Chambo kapena usipa muwapezere vinyo woyera, ndipo ku Argentina komweko kuli Torrontés wa ku Cafayate, ku Chile kuli Sauvignon Blanc wa ku Casablanca. Zotsekemera monga keke zidikire tambula ithe.

Kutentha ndi chinthu chimene chimawononga mabotolo ambiri kuposa kusankha molakwa. Vinyo wofiira wamphamvu amakoma ali pa madigiri 16 mpaka 18. Malangizo akale oti asalowe mufiriji anachokera kumayiko ozizira. M'nyumba ya mu October, kutentha kukapitirira madigiri 30, vinyo amanunkha mowa wokhawokha ndipo amamveka wolemera. Muikeni mufiriji kwa mphindi 20 kapena 30 musanatsegule, koma asazizire ngati chakumwa chozizilitsa kukhosi, chifukwa kuzizira kwambiri kumakulitsa khambi, makamaka la Tannat ndi Cabernet. Pogula pewani botolo limene lakhala pawindo la sitolo padzuwa, ndipo mukaona chitsekerero chatukuka kapena vinyo wadontha m'khosi mwa botolo, lisiyeni, latenthedwa panjira. Malbec ndi Carménère otsika mtengo anapangidwa kuti amwedwe akadali aang'ono, choncho chaka chaposachedwa pabotolo ndi chabwino kuposa chakale.

Kumbukiraninso kuti vinyo wa 14.5 peresenti ali ndi mowa pafupifupi katatu kuposa mowa wa m'botolo wa 5 peresenti. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu a mamililita 150, ndipo ndi lokwanira anthu atatu kapena anayi pa chakudya chimodzi, madzi akumwa ali pambali, woyendetsa galimoto osalawa n'komwe. Likatsala theka, litsekeni bwino muliike mufiriji. Malbec ndi Carménère amasunga kukoma kwawo masiku awiri kapena atatu. Tannat nthawi zambiri amafewa n'kukoma kwambiri tsiku lachiwiri, choncho ngati nthiti zatsalako, musungireninso gawo lake la mawa.